Golo Losakhomerera Pansi Ndi Msampha

Ndikaitanidwa kukaona ngati bwalo lili bwino kuseweredwapo mpira, sindiyambira pa kapinga kapena pa mizere. Ndimazungulira kaye kuseri kwa golo, n'kugwira chitsulo chapansi chakumbuyo, n'kuyesa kuchinyamula ndi dzanja limodzi. Chikangonyamuka, ndimauza eni bwalo kuti mpira suyamba kufikira titakonza. Ena amanyinyirika, amati ndikuchedwetsa masewero pa nkhani yachabechabe. Amene anaonapo golo lachitsulo likugwa chafufumimba sanganene mawu amenewo.

Ndikunena za magolo onyamulika, aja amene sanakwiriridwe mu simenti, amene mumawasuntha lero kuti ana asewere mopingasa bwalo, mawa n'kuwabwezera. Ndi othandiza kwambiri, ndipo ine sindidana nawo. Vuto lawo lili m'kapangidwe. Golo lalikulu limatalika mamita 7.32 m'litali ndi mamita 2.44 kupita m'mwamba, ndipo kulemera kwake kochuluka kuli kutsogolo: mizati iwiri ndi mtanda wapamwamba. Kumbuyo kumangokhala tizitsulo topepuka togwira ukonde. Choncho golo limaima ngati munthu wosenza katundu wolemera amene watsamira kale kutsogolo; akungodikira womukankha pang'ono. Bungwe la ku America loona za chitetezo cha katundu wogulitsidwa, la CPSC, linalemba mu malangizo ake a mu 1995 kuti magolo otere amalemera pakati pa mapaundi 150 ndi 500, omwe ndi makilogalamu pafupifupi 70 mpaka 230. Mtanda wa golo lolemera chonchi ukagwa kuchokera pamwamba pa mamita awiri, umafikira pamutu, pakhosi kapena pachifuwa cha mwana.

Tiyeni tiwerengetsere pang'ono, chifukwa apa ndi pamene ambiri amadzinamiza. Munthu akakoka mtanda kutsogolo, golo limazungulira pa mapazi a mizati yake. Mphamvu yake imachulukitsidwa ndi kutalika kwa golo, monga mmene mpini wautali umathandizira kuzula chitsa. Muyeso wa ku Ulaya wa EN 748 umafuna kuti golo lisagwe likakokedwa pa mtanda ndi mphamvu yofanana ndi makilogalamu pafupifupi 110. Chulukitsani 110 ndi 2.44, mupeza 268. Ngati chitsulo chakumbuyo chili mamita awiri kuchokera pa mizati, gawani 268 ndi 2: pakufunika cholemera cha makilogalamu oposa 130 kumbuyoko. Chikakhala mita imodzi yokha, pakufunika kuwirikiza kawiri. Sindinawerengere kulemera kwa golo lenilenilo, komabe chithunzi mwachiona. Timatumba tiwiri ta mchenga timene mumaponya kumbuyo kuja ndi tokongoletsa chabe. Ndipo golo lalifupi kumbuyo, limene anthu amalikonda chifukwa silidya malo, ndilo losachedwa kugwa.

Malamulo a mpira wamiyendo a bungwe la IFAB, lomwe limakonza malamulo a masewerowa padziko lonse, salankhula mozungulira pa nkhaniyi. Lamulo loyamba limati magolo onse, kuphatikizapo onyamulika, ayenera kumangidwa zolimba pansi. Woyimbira mpira amene wayambitsa masewero golo likugwedera walakwira lamulo, ngakhale atayimba bwino mphindi 90 zonse.

Kumanga kwake kumadalira nthaka. Pa dothi lolimba la kapinga, zikhomo zopota zimene zimalowa mozungulira ngati sikuluwu zimagwira bwino kuposa zikhomo zowongoka. Ngati muli ndi zowongoka zokha, zikhale zazitali, zokhota pamwamba kuti zikole chitsulo, ndipo muzikhome mopendeketsa, osati chilili, kuti golo likakoka zisangosololoka. Ziikeni kumbuyo kwenikweni ndi m'mbali zonse ziwiri. Chikhomo chokhomedwa pafupi ndi mzati wakutsogolo sichigwira ntchito iliyonse, popeza pamenepo ndi pamene golo limazungulira. Musaiwalenso kuti dothi limasintha. Chikhomo chimene chinakuvutani kukhoma nthaka itauma chingathe kuzuka ndi zala ziwiri mvula ikagwa usiku wonse, ndipo pa mchenga sichigwira n'komwe.

Pa kapinga wochita kupanga, pa simenti kapena m'holo simungakhome kanthu. Pamenepo n'zolemera basi, kapena kumangirira golo ku mphete zachitsulo zimene zinakwiriridwa pansi kapena pakhoma. Wopanga golo amalemba kulemera kofunika. Tsatirani chiwerengero chimenecho, ndipo zolemerazo zimangiriridwe ku chitsulo, chifukwa thumba longosanjikidwa ana amalikoka kuti akhalire.

Koma zimene ndaona pa ntchito yanga n'zakuti ngozi siikonda nthawi ya masewero, pamene woyimbira, aphunzitsi ndi makolo onse ali maso. Imabwera mpira utatha, kapena usanayambe. Wotchetcha kapinga wazula zikhomo kuti makina adutse, n'kuiwala kubwezera. Timu ina yasuntha golo kuti pamalo a goloboyi pamere udzu, n'kulisiya poteropo. Madzulo pafika ana, wina walendewera pa mtanda n'kuyamba kuchita katungwe, wina akukwera ukonde ngati makwerero. Nthawi zina palibe n'komwe wolikhudza, mphepo yokha imakwana, makamaka golo likaima pamalo otsetsereka. M'boma la Illinois ku America, mwana wa zaka 6 anafa mu 2003 golo litamugwera, ndipo mu 2011 boma limenelo linakhazikitsa lamulo lokakamiza mabungwe okhala ndi magolo onyamulika kuti akhale ndi ndondomeko yolembedwa ya chitetezo chake. Zaka 8 zinadutsa pakati pa maliro ndi lamulo.

Ndiye chifukwa chake ndimaumirira kuti pabwalo pakhale munthu mmodzi wodziwika ndi dzina amene magolo ali m'manja mwake. Mukati ndi udindo wa tonse, aliyense amayesa kuti mnzake wakhoma. Munthuyo ayese golo masewero asanayambe ndiponso nthawi iliyonse likasunthidwa: aime kumbali, pasakhale aliyense kutsogolo, aligwedeze mwamphamvu. Posuntha, anyamule akuluakulu okwanira, ana akhale patali, ndipo asalikhwekhwereze, chifukwa kukhwekhwereza kumamasula mabawuti ndi kung'amba mowotcherera. Golo la mateyala likafika pamalo, mateyalawo akwezedwe kuti chitsulo chikhale pansi.

Mpira ukatha, magolo amene sakhala okhomerera asasiyidwe chilili. Ayang'anitseni awiriwo maso ndi maso n'kuwamanga pamodzi ndi tcheni ndi loko, kapena amangirireni ku mpanda wolimba. Ngati papita nthawi osagwiritsidwa ntchito, chotsani ukonde, popeza ndi umene umakopa ana kukwera, ndipo opasuka apasuleni mukasunge m'nyumba.

Magolo amene amandiopsa koposa ndi aja owotcherera okha ndi mapaipi olemera. Mmisiri amafuna kukondweretsa womutuma, ndiye amasankha chitsulo chokhuthala kuti golo likhalitse, kumbuyo n'kuikako kachitsulo kowonda kuti ndalama zikwane. Zotsatira zake ndi golo lolimba kwambiri koma lolemera kumutu. Ngati palibe kuchitira mwina, muuzeni achite mosiyana: kutsogolo kopepuka, kumbuyo kotalika ndi kolemera, ndi malo oboola okhomerapo zikhomo. Asawotchererenso tingowe tachitsulo tokolekapo ukonde. Bungwe loyendetsa mpira ku England la FA linatiletsa kuyambira mu 2007, chifukwa wokoleka ukonde akaterereka timakola mphete ya pachala kapena khungu. Tapulasitiki kapena zingwe zimagwira ntchito yomweyo.

Dzimbiri nalo limadya mobisa. Limayambira m'kati mwa paipi, pansi pomwe madzi amadikha, penti kunja ikuwala bwinobwino. Kamodzi pa mwezi gogodani mapazi a mizati ndi hamala yaing'ono, ndipo yang'anitsitsani m'makona momwe mtanda umakumana ndi mzati. Pamene chitsulo chikulira mogonthera kapena mwaona mng'alu, gonekani gololo pansi tsiku lomwelo, mulimange ndi tcheni, ndipo lisaimikidwenso mpaka mmisiri atalikonza.