Purosesa ikafika madigiri 90, kodi kompyuta ikupsa?

Anthu okonza makompyuta timalandira funso ili kawirikawiri, makamaka kwa achinyamata omwe amakonza mavidiyo a maukwati ndi nyimbo, kapena omwe amasewera magemu akuluakulu. Munthu waika pulogalamu yoyezera kutentha, waona madigiri 90, mtima wagunda, akufuna kuzimitsa. Nthawi zambiri yankho ndi loti asazimitse, koma ndisanayankhe ndimafuna kudziwa zinthu ziwiri: purosesayo (kachipangizo komwe kali ngati ubongo wa kompyuta) ndi yamtundu wanji, ndipo kompyutayo imakhala ikugwira ntchito yanji pamene yafika 90. Nambala yokhayo siinena zambiri.

Magetsi onse olowa mu purosesa amathera kusanduka kutentha. Purosesa ya Intel yotchedwa Core i9-13900K imatha kukoka mawati 253 ikamathamanga ndi mphamvu zake zonse, ndipo kutentha konseko kumachokera pa kachidutswa ka silikoni kosakwana masentimita 3 m'litali. Kuti kutuluke, kumayenera kudutsa m'chivundikiro chachitsulo, m'phala lotchedwa thermal paste, kenako m'chitsulo choziziritsa cha timalata tambiri topyapyala chomwe fani imachipemerera mphepo. Pakangokhala vuto pamalo amodzi mwa awa, nambala imakwera msangamsanga.

Kampani iliyonse imalemba malire a kutentha pa purosesa yake, ndipo m'mapepala ake malirewo amatchedwa Tjmax kapena Tjunction. Mapurosesa ambiri a Intel a zaka zaposachedwa malire awo ndi madigiri 100, ena 105. Ambiri a kampani ya AMD a mtundu wa Ryzen 7000 ndi 95, pomwe Ryzen 7 5800X3D imalekezera pa 90 ndipo 7800X3D pa 89. Choncho madigiri 90 pa purosesa ina ndiye kuti kwatsala danga la madigiri 10, pa ina ndiye kuti yafika pothera. Lembani dzina la purosesa yanu pa tsamba la Intel kapena la AMD pa intaneti, mupeza nambalayi.

Malirewa si pamene silikoni imasungunuka, chifukwa iyo imasungunuka kupitirira madigiri 1,400. Ndi pamene purosesa imayamba kudziteteza yokha. Mkati mwake muli tizipangizo toyeza kutentha mosalekeza, ndipo ikafika pamalire imachepetsa liwiro ndi magetsi omwe ikukoka. Izi ndi zomwe timati thermal throttling. Zikapanda kuthandiza, mwina chifukwa fani yafa kapena chitsulo choziziritsa chasuntha, kompyuta imangozima yokha kuti thi, osakufunsani. Purosesa ya masiku ano kuti ife ndi kutentha kwa tsiku limodzi ndi chinthu chosowa kwambiri.

Chomwe chimasokoneza anthu ambiri ndi choti mapurosesa atsopano amatenthera dala. Pamene Ryzen 7000 inatuluka mu Seputembala 2022, ogula ambiri anadandaula kuti ikufika madigiri 95 ngakhale ataiikira choziziritsira chodula cha madzi. AMD inafotokoza kuti anaipanga choncho. Purosesa yotere imakweza liwiro mpaka itagunda malire amodzi mwa atatu, a kutentha, a mawati kapena a liwiro lenilenilo. Mukaiziziritsa bwino, iyo imaona mpata n'kuthamanga kwambiri, nambala n'kukhalabe pomwepo. Phindu la choziziritsira chabwino mumaliona pa nthawi yomwe vidiyo yatenga kuti ithe, osati pa madigiri okha ayi.

Nanga nambala zoyenera kuziyembekezera ndi ziti? Kompyuta ya patebulo ikangokhala osagwira ntchito, purosesa imakhala pakati pa madigiri 30 ndi 50. Pa magemu, 60 mpaka 80 ndi zachizolowezi. Pa ntchito yogwiritsa mbali zonse za purosesa, monga kutulutsa vidiyo yomalizidwa mu Premiere Pro, kujambula mu Blender kapena kuyesa ndi Cinebench, 80 mpaka 95 sizodabwitsa. Malaputopu, makamaka opyapyala, amafika m'ma 90 mosavuta chifukwa mulibe malo okwanira oyendamo mphepo.

Chomwe chimandidetsa nkhawa ine ndi laputopu yomwe ili pa madigiri 75 kapena 80 mwini wake akungolemba kalata mu Word. Apa pali vuto ndithu: fumbi latseka, phala lauma, fani yatopa, kapena pali pulogalamu ina yomwe ikudya mphamvu mobisa. Tsegulani Task Manager muone ngati purosesa ikugwira ntchito yomwe simunaitume. Chizindikiro china ndi liwiro. Pulogalamu yaulere ya HWiNFO imaonetsa kutentha, liwiro, komanso ngati throttling yachitika. Ngati purosesa imayamba ntchito pa liwiro la 4 GHz koma pakapita mphindi zochepa yatsikira pa 1.5 GHz n'kukhazikika pomwepo, ndiye kuti kutentha kukukudyerani nthawi, ngakhale palibe chomwe chapsa.

Pa makina ogwira ntchito yolemetsa usana ndi usiku, malangizo anga ndi oti purosesa izikhala pafupifupi madigiri 10 pansi pa malire ake. Makampani amanena kuti kufika pamalire n'kololedwa, ndipo sindikuwatsutsa. Koma kutentha kukaphatikizana ndi voteji (mphamvu yokankha magetsi) yokwera, timisewu ta chitsulo tosaoneka ndi maso ta mkati mwa purosesa timatha pang'onopang'ono, zomwe akatswiri amati electromigration. Pa zinthu ziwirizi, voteji ndiyo yoopsa kwambiri. Mu 2024 mapurosesa ambiri a Intel a m'badwo wa 13 ndi 14 anayamba kulephera, magemu kumangotsekeka okha. Intel inavomereza kuti gwero lake linali voteji yopitirira muyezo yomwe purosesa inkapempha, inatulutsa zokonza kudzera mu BIOS (pulogalamu ya mkati yomwe imadzutsa kompyuta mukangoiyatsa), ndipo inawonjezera zaka ziwiri pa chitsimikizo cha mapurosesawo. Ngati muli ndi imodzi mwa izi ndipo BIOS simunaisinthepo, yambani ndi pamenepo musanagule fani yatsopano.

Komanso musaiwale kuti purosesa ndiyo yopirira kwambiri m'bokosimo. Anansi ake ndi ofooka. Pa zosungira mafailo, ma SSD ambiri amalembedwa kuti azigwira ntchito mpaka madigiri 70, ma hard disk pafupifupi 60. Batire la lithium limakalamba msanga likamakhala lotentha lili lodzaza, ndipo laputopu yomwe imakhala pa chaja tsiku lonse ikugwira ntchito yolemetsa kawirikawiri imayamba ndi kutupa batire, purosesa ikadali bwinobwino. Mukaona pansi pa laputopu kapena malo oyendetsera chala atukuka, lekani kuigwiritsa ntchito, batire lotupa limatha kuyaka moto.

Kutentha kwa m'chipinda kumawonjezera pa zonsezi. Fani singaziziritse purosesa kuposa mphepo yomwe ikukoka, ndiye digiri iliyonse yowonjezereka m'chipinda imaonekera pafupifupi chimodzimodzi pa purosesa. Nambala zomwe mumaona kwa oyesa makompyuta a ku Ulaya ndi ku America amazipeza m'zipinda zozizira, za madigiri 20 mpaka 25. M'nyumba ya malata mu Okotobala, makamaka kuchigwa cha Shire, ku Chikwawa ndi ku Nsanje komwe kunja kumatha kupitirira madigiri 40, kompyuta yomweyo imaonetsa madigiri 10 kapena 15 owonjezera popanda chilichonse cholakwika. Ntchito yaikulu ndi bwino kuisiyira usiku kapena m'mawa.

Zothandiza zambiri sizifuna ndalama. Laputopu isamakhale pa bedi kapena pa bulangete, chifukwa mabowo okokera mphepo ali pansi. Ikwezeni kumbuyo pang'ono pa tebulo. Fumbi lichotsedwe nyengo ya mphepo ndi fumbi ikatha, ndipo popemerera gwirani fani isazungulire mwamphamvu. Phala likatha zaka zingapo limauma, ndipo kulisintha pa laputopu ya kaunjika kumatha kutsitsa kutentha moonekeratu. Kadontho kamodzi pakati n'kokwanira pa purosesa ya patebulo, ndipo mankhwala otsukira mano omwe ena amapaka m'malo mwake amauma m'masiku ochepa n'kuwonjezera vuto. Zikakanikabe, chepetsani mphamvu. Mu Windows, kuika Maximum processor state pa 99% kumazimitsa turbo (liwiro lowonjezera la purosesa) pa malaputopu ambiri, ndipo mapurosesa a Ryzen a mawati 170 ali ndi Eco Mode yowatsitsira pa 105 kapena 65. Pa 105 liwiro limatsika pang'ono chabe, pa 65 ntchito yolemetsa imachedwerapo moonekera, koma kutentha ndi phokoso la fani zimatsika kwambiri.