Kodi mankhwala a mahomoni oteteza mafupa amayambitsa khansa kwa mayi aliyense?

Pali mphekesera yakuti mayi amene wasiya kusamba akangoyamba kumwa mankhwala a mahomoni, ndiye kuti adwala khansa ya m'mawere basi. Zimenezi si zoona, ngakhale kuti manthawo ali ndi pochokera.

Mayi akasiya kusamba, homoni ya estrogen (imodzi mwa michere imene thupi limapanga yoyendetsa ntchito zake) imachepa m'thupi, ndipo mafupa amayamba kutha mphamvu mofulumira moti ena amathyoka chiuno kapena dzanja atangogwa pang'ono. Mankhwalawa amabwezeretsa homoniyo n'kuchedwetsa vutoli.

Mu 2002, kafukufuku wa Women's Health Initiative ku America, wokhudza amayi oposa 16,000, anaimitsidwa nthawi isanakwane atapeza kuti estrogen yophatikiza ndi mankhwala ena a homoni otchedwa progestin inkawonjezera khansa ya m'mawere. Chimene ofalitsa mphekeserayi satchula ndi kukula kwa chiwopsezocho: pa amayi 10,000 omwa mankhwalawa, odwala owonjezereka anali pafupifupi 8 pachaka. Kafukufuku yemweyo anaonetsa kuti kuthyoka kwa chiuno kunachepa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo m'gawo lina la kafukufukuyu, mwa amayi ochotsedwa chiberekero, amene ankamwa estrogen yokha, khansayo sinawonjezereke.

Komabe mankhwalawa si ongogula pasitolo. Amatha kuundanitsa magazi m'mitsempha ndi kuyambitsa sitiroko, choncho dokotala sawapereka kwa mayi amene anadwalapo khansa ya m'mawere, amene magazi ake anaundanapo, kapena amene ali ndi matenda a chiwindi. Kawirikawiri amaganiziridwa kwa amayi osakwana zaka 60 kapena amene sanathe zaka 10 chisiyireni kusamba, ndipo kwa ena pali mankhwala oteteza mafupa opanda mahomoni monga alendronate.