Opareshoni ya hernia: kukonzekera kwake ndi chisamaliro cha kunyumba

Hernia ndi chotupa chomwe chimatulukira m'mphechepeche, nthawi zina pamchombo, minofu ya pamimba ikafooka mpaka matumbo n'kupeza potulukira. Munthu akatsokomola kapena akanyamula katundu chimakula, akagona chagada chimabwerera mkati. Palibe mankhwala akumwa kapena opaka omwe angatseke mpatawo, chithandizo chake ndi opareshoni basi. M'zipatala za m'maboma kuno ku Malawi ntchitoyi amaigwira kawirikawiri ndi ma clinical officer, ndipo nthawi zambiri sipitirira ola limodzi. Kuti bala lipole bwino zimadalira kwambiri zomwe wodwala wachita asanalowe m'thiyeta, ndi zomwe achite akabwerera kwawo.

Pamene mukudikira tsiku lanu, chotupacho chikauma, n'kuyamba kupweteka kwambiri, osabwereranso mkati, inu n'kumasanza, musadikirenso tsikulo. Matumbo apanika ndipo magazi sakufikako. Matumbowo akhoza kufa pa maola ochepa chabe. Pitani kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku.

Pokaonana ndi adokotala nyamulani buku lanu la kuchipatala pamodzi ndi mankhwala onse omwe mukumwa, m'mapaketi ake. Aspirin ndi warfarin amachedwetsa magazi kuundana, choncho adokotala ndiwo akuuzeni ngati muwaleke ndi tsiku lowalekera. Mankhwala a shuga amasinthidwa chifukwa mudzakhala osadya. A BP ndi ma ARV musawasiye mwa inu nokha. Za zitsamba nazonso nenani mosabisa, pakuti zina zimasokoneza magazi ndi mankhwala ogonetsa. Adzakuyezani BP, shuga ndi kuchuluka kwa magazi, ndipo akaimitsa opareshoni chifukwa china mwa izi sichili bwino, akukutetezani. Osuta fodya aleke milungu inayi tsiku lisanafike, chifukwa fodya amachedwetsa bala kupola ndipo chifuwa chake chimakoka ulusi wosokera bala.

Nkhani ya kusala kudya ndi imene anthu ambiri amaipeputsa. Chakudya chilichonse, kaya nsima, phala, thobwa kapena tiyi wamkaka, chilekeni maola 6 opareshoni isanayambe. Madzi akumwa okha amaloledwa mpaka kutatsala maola 2, koma zipatala zambiri zimangonena kuti musadye kanthu kuyambira pakati pa usiku, ndipo mutsate zomwe mwauzidwa. Chifukwa chake n'chakuti munthu akagonetsedwa, zomwe zili m'mimba zikhoza kukwera kukhosi iye osatha kutsokomola, n'kutsikira m'mapapo. Chibayo chobwera motere n'choopsa ndipo chimapha. Achibale odikirira odwala, chifundo chopatsa wodwala kaphala m'mamawa mobisa chikhoza kumuphetsa. Ngati wadya, uzani anamwino, ndi bwino tsiku lisinthe.

Sambani ndi sopo usiku komanso m'mawa wa tsikulo. Musadzimete ndi lezala pamalopo, chifukwa timabala ta lezala timasunga tizilombo. Ngati pafunika kuchotsa tsitsi adzachita achipatala. Musanasaine chikalata chovomera, funsani mpaka mumvetse, ndipo muonetsetse kuti alemba mbali yoyenera, kumanja kapena kumanzere.

Odwala ambiri amabayidwa jakisoni wa pamsana, yemwe amachititsa dzanzi kuchokera m'chiuno kutsika, munthu ali maso. Miyendo imayambanso kumva pakapita maola angapo. Ena mutu umawapweteka akadzuka n'kuleka akagona, auzeni anamwino. Mkodzo ukakana kutuluka pomwe chikhodzodzo chadzaza, nenaninso msanga.

Mukafika kunyumba musamangogona. Yendani pang'onopang'ono pabwalo kangapo patsiku kuyambira tsiku loyamba, kuti magazi asaundane m'mitsempha ya m'miyendo ndiponso matumbo ayambe kugwira ntchito. Podzuka gonani chammbali, tsitsani miyendo, kenako mudzikankhe ndi mkono. Mukafuna kutsokomola kapena kuyetsemula, gwirani pabalapo ndi dzanja kapena nsalu yopinda.

Ululu musaupirire. Wamkulu amamwa paracetamol mapiritsi awiri a 500 mg maola 6 aliwonse, osapitirira mapiritsi 8 patsiku, chifukwa akachuluka amawononga chiwindi. Ibuprofen imwani mutadya, ndipo a zilonda za m'mimba kapena vuto la impso asamwe. Tramadol ndi codeine amaumitsa m'mimba, ndipo kudzikakamiza pachimbudzi kumakoka bala, choncho imwani madzi ambiri, idyani papaya, masamba ndi nsima ya mgaiwa. Thupi limafuna mazira, usipa, nyemba ndi mtedza kuti limange mnofu watsopano.

Bandeji ikhale youma kwa masiku awiri oyamba. Mukaloledwa kusamba, thirani madzi oyera, pukutani mosakhula ndi nsalu yochapa bwino, ndipo musalowe mumtsinje kapena m'nyanja bala lisanapole. Phulusa, zitsamba, mafuta odzola ngakhale ufa wa makapisozi zisayandikire pabalapo. Ulusi wina umasungunuka wokha, wina amachotsa pakatha masiku 7 mpaka 10, ndiye funsani kuti wanu ndi uti musanatuluke. Kwa abambo, kutupa pang'ono ndi kuda kwa khungu kumaliseche m'masiku oyamba n'kwachibadwa ndipo kumatha kokha.

Khungu limatseka msanga koma minofu yamkati imatenga nthawi. N'chifukwa chake timaletsa kunyamula zolemera kwa milungu 4 mpaka 6, ngakhale pa opareshoni aikamo kaneti kolimbitsa minofuyo. Chidebe cha madzi cha malita 20 chimalemera makilogalamu 20, thumba la chimanga 50. Khasu, nkhwangwa, kuumba njerwa ndi kupalasa kabaza zonse zidikire. Ngati n'kotheka, pemphani tsiku lomwe silikugwera nyengo yolima kapena yokolola, ndipo banja ligawane ntchitozo musanagonekedwe.

Bwererani kuchipatala tsiku lomwelo thupi likatentha kufika pa madigiri 38, bala likafiira kufiirako n'kumafalikira, likamatuluka mafinya kapena magazi osaleka, likatseguka, kapena ululu ukamakulirakulira m'malo mochepa. Chimodzimodzi mimba ikatupa mukusanza osatulutsa mpweya. Mwendo umodzi ukatupa n'kumapweteka pakatumba, kapena mukayamba kubanika mwadzidzidzi, pezani galimoto nthawi yomweyo, chifukwa mwina magazi oundana akupita m'mapapo.