Getsi la injini layaka, MOT yayandikira: mafunso ndi mayankho pa sensa ya ekizozi

Inu amene muli ku Britain ndipo mumayendera galimoto ya dizilo, tsiku lina kagetsi kachikasu ka injini kadzayaka pa dashibodi, makaniko n'kukuuzani kuti sensa ya presha ya mu ekizozi yafa. Kachipangizoka n'kochepa ngati bokosi la machesi, koma kakhoza kukugwetsani pa MOT, mayeso a chaka ndi chaka oona ngati galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu.

Kodi sensa imeneyi imagwira ntchito yanji?

Chiyambire lamulo lochepetsa utsi wa galimoto la Euro 5 mu 2009, galimoto zatsopano za dizilo zimabwera ndi sefa ya mu ekizozi yotchedwa DPF, imene imakola mwaye. Sensayo ili ndi timapaipi tiwiri: kena kamamva presha utsi usanalowe mu sefa, kena utsi utatuluka. Kusiyana kwa presha kukakula, kompyuta ya galimoto imadziwa kuti sefa yadzaza, ndiye imawonjezera dizilo kuti kutentha kufike pafupifupi madigiri 600, mwaye upse. Sensa ikayamba kunama, kompyuta imasokonezeka. Mwina imangootcha pafupipafupi, mafuta n'kumatha msanga, kapena imasiyiratu kuotcha, sefa n'kutsekeka, galimoto n'kumayenda ngati yodwala malungo.

Nanga lamulo la MOT likuti chiyani?

Kuyambira February 2014, galimoto imene inapangidwa ndi DPF koma yachotsedwa siipambana MOT. Pa 20 May 2018 anakhwimitsanso. Galimoto ya DPF ikatulutsa utsi wooneka, wa mtundu uliwonse, yalephera. Woyesa akaona kuti sefa inadulidwa n'kuwotchereredwanso popanda chifukwa chomveka, yalephera. Getsi la injini likakhala chiyakire pa galimoto ya dizilo imene inayamba kuyenda pamsewu kuyambira 1 July 2008, yalepheranso. Sensa yeniyeniyo saiyesa, koma getsi limene yayatsa ndi limene limakupachikani.

Ndidziwa bwanji kuti vuto ndi sensa osati sefa?

Apa ndi pamene ambiri amatayira ndalama. Munthu amauzidwa kuti agule DPF yatsopano, ya mapaundi mazanamazana, pamene cholakwika ndi kapaipi ka labala kong'ambika. Yambani ndi kamakina ka OBD, kamene kamalumikizidwa ku kompyuta ya galimoto n'kuwerenga makodi a zolakwika. Makodi a P2452 mpaka P2455 amaloza ku sensa ya DPF ndi mawaya ake, pamene P2463 imanena kuti mwaye wachuluka. Kenako tembenuzani kiyi osaliza injini, muone presha imene sensa ikuwerenga. Popeza utsi palibe, iyenera kukhala pafupi ndi ziro. Ikaonetsa nambala yaikulu injini ili zii, sensayo ndi yabodza. Mukaliza injini, ikangoima pa nambala imodzi ngakhale muponde mafuta, kaikirani timapaipi.

Ekizozi ikazizira, tizuleni. Nthawi zambiri mupeza labala yauma ndi kutentha, yachita ming'alu pamene imavalira pa kapaipi kachitsulo, kapena m'kati mwadzaza mwaye wouma gwa ngati makala. Kachitsuloko tokosani ndi waya wofewa. Mpweya wa kompuresa musaupopere mu sensa, muiphulitsa. Onaninso pulagi: mawaya ake amakhala atatu, ndipo imodzi iyenera kubweretsa magetsi a mavoti 5.

Ndikasintha sensa, basi zatha?

Ayi. Galimoto zambiri, monga za Volkswagen zimene sensayi amaitcha G450, zimafuna kuti kompyuta iuzidwe kuti pabwera sensa yatsopano. Ndipo musasemphanitse timapaipi povala. Jambulani ndi foni musanazule. Mukamaliza, yendani mtunda wautali pamsewu waukulu kuti sefa iotche mwaye umene unaunjikana.

Bwanji ndingofufuta kodi m'mawa wa tsiku la MOT?

Getsi likhoza kuzima, mwinanso mpaka mutatuluka pa galaja. Koma sefa ikupitirizabe kudzaza, ndipo ikafika poipa siotchekanso poyenda, imafuna kutsukidwa kapena kusinthidwa. Ndiponso galimoto ikamayesa kuotcha kawirikawiri, dizilo amatsikira mu oyilo. Mukasolola kachitsulo koyezera n'kuona oyilo wakwera kudutsa mzere, akununkha dizilo, msintheni.

Anzanga akuti ndingochotsa DPF. Ndimvere?

Ine ndingati ayi. Kuyendetsa pamsewu galimoto yochotsedwa sefa ndi mlandu, ndipo chindapusa chake chimafika £1,000, pa vani £2,500. Kampani ya inshuwalansi nayo ikhoza kukukanani pa ngozi ngati simunaiuze kuti munasintha galimoto.

Ikalephera MOT ndilipiranso?

Mtengo wa MOT ya galimoto yaing'ono sudutsa £54.85. Mukaisiya pa galaja pomwepo kuti aikonze, n'kuiyesanso pasanathe masiku 10 ogwira ntchito, kuyesa kwachiwiriko n'kwaulere.

Nanga ndikafuna kuitumiza kumudzi?

MOT imathera ku Britain konko, koma sefa ndi sensa zimakwera nawo sitima. Galimoto yongozungulira m'tauni, kuchoka ku Area 25 kupita ku Old Town pa mdipiti wa m'mawa, sitentha mokwanira kuti iotche mwaye. Ikani sensa yapadera ndi timapaipi take m'buti, ndipo amene akailandire muwauze kuti azithira oyilo wa galimoto za DPF, komanso kuti nthawi ndi nthawi aziithamangitsako pa M1.