Sipika Yong'ambika Imene Inagwedeza Memphis mu 1951

Ntchito yanga ndi yojambula nyimbo mu situdiyo. Achinyamata amene ndimawaphunzitsa akandifunsa mmene angapezere mawu osalala, opanda zokanda m'khutu, ndimayamba ndawamvetsera nyimbo imene gitala yake ndi yosasa ngati munthu wachimfine. Dzina lake ndi "Rocket 88", ndipo inajambulidwa mu Malichi 1951 mumzinda wa Memphis ku America.

Oyimba ake anachokera ku Clarksdale, dera la minda ya thonje ku Mississippi. Bandi yawo inkatchedwa Kings of Rhythm, ndipo mtsogoleri wake anali Ike Turner, mnyamata wa zaka 19 woliza piyano. Woyimba wina wotchuka, B.B. King, ndi amene anawalozera kwa Sam Phillips, mwini wa kasitudiyo ka pa 706 Union Avenue. Anyamatawo anapanikizana m'galimoto ndi zida zawo, koma pofika ku Memphis anapeza kuti ampulifaya (bokosi la sipika lokuzira mawu a gitala) ya Willie Kizart, woliza gitala, yawonongeka.

Apa ndi pamene pagona nkhani. M'kati mwa sipika muli chipepala cholimba chooneka ngati fanulo. Magetsi ochokera ku gitala amachikankha n'kuchikoka mofulumira, ndipo icho chimakankha mpweya, ife n'kumva mawu. Chikang'ambika sichiyendanso chonse pamodzi: mbali yong'ambikayo imapapaza payokha, n'kuwonjezera phokoso lokhakhala pa noti iliyonse. Cha mu ampulifaya ya Kizart chinali chitang'ambika, ndiye ku situdiyoko analowetsamo mapepala kuti chigwirike, Kizart n'kuliza. Mawu anatuluka olemera, onjenjemera, oyandikira kulira kwa sakisofoni. Wojambula wina aliyense wa nthawi imeneyo akanati dikirani tikonze kaye. Phillips anamvetsera, anaona kuti kusasako kukuipatsa nyimbo mphamvu, ndipo anajambula momwemo. Ndimamulemekeza kwambiri pa chisankho chimenechi, chifukwa ndikudziwa mmene dzanja limayabwira kuti likonze chilichonse chomveka ngati cholakwika. Lero oliza gitala amagula timabokosi topondaponda ndi phazi kuti apeze dala mawu omwewa, amene amawatcha distortion.

Nyimboyo imatamanda galimoto ya Oldsmobile 88, imene inatuluka mu 1949 ndi injini yamphamvu ya V8. Kaimbidwe kake anakatengera kwambiri ku "Cadillac Boogie" ya Jimmy Liggins ya 1947. Kwa wachinyamata wakuda wa kum'mwera kwa America, kumene malamulo ankamuuza pokhala m'basi ndi khomo lolowera, kuimba za galimoto yakeyake yothamanga sikunali kungocheza.

Phillips anatumiza nyimboyo ku kampani ya Chess ku Chicago. Itatuluka, pa mbale panalembedwa Jackie Brenston and his Delta Cats. Brenston anali woliza sakisofoni wa m'bandimo amene anaimba mawu tsikulo, koma bandi ya Delta Cats kunalibe. Dzina la Turner silinaoneke, ndipo zinamupweteka. Nyimboyo inafika pa nambala 1 pa mndandanda wa rhythm and blues wa magazini ya Billboard, n'kukhalapo masabata 5. Dzina loti rhythm and blues linali lachilendo panthawiyo: Billboard inayamba kuligwiritsa ntchito mu 1949, m'malo mwa mawu akale osankhana mtundu akuti race records.

Ambiri amati iyi ndiye nyimbo yoyamba ya rock and roll. Ine sindivomereza. Mukamvetsera piyano ya Turner, ndi sakisofoni ya Raymond Hill, yemwe anali ndi zaka 17 zokha, mukumva nyimbo zovinira zimene anthu akuda anali akuziimba kale kwa zaka zingapo. Chimene chinasintha ndi omvera. Chaka chomwecho Bill Haley, woyimba wachizungu, anaijambulanso. Mu 1952 Phillips anatsegula Sun Records, ndipo m'chipinda chomwecho ndi mmene Elvis Presley anajambulira nyimbo yake yoyamba kugulitsidwa mu 1954.

Brenston anachoka m'bandimo kuti adziimire payekha, koma sanapezenso nyimbo ina yotchuka chotero. Patapita zaka anabwerera kudzaliza sakisofoni pansi pa Turner yemweyo, kenako anasiya zoimba n'kumayendetsa malole. Anamwalira ku Memphis mu 1979.