Kuyendetsa bungwe la triathlon mu Zomba: ntchito imayambira pa madzi

Triathlon ndi mpikisano wa masewero atatu ochitika motsatizana popanda kupuma: kusambira, kupalasa njinga, kenaka kuthamanga. Wotchi ikangoyamba siimanso mpaka munthu atafika pomaliza, moti ngakhale nthawi yovala nsapato imawerengedwa. Pa mtunda wa ku Olympics munthu amasambira makilomita 1.5, kupalasa makilomita 40 ndi kuthamanga makilomita 10. Theka la mtundawu, womwe amautcha sprint, ndi mamita 750 m'madzi, makilomita 20 pa njinga ndi makilomita 5 a miyendo. Masewerowa, m'mene tikuwadziwira lero, anayambira ku San Diego m'dziko la America mu 1974, ndipo analowa mu Olympics ku Sydney mu 2000. Bungwe lowayang'anira pa dziko lonse linakhazikitsidwa mu 1989 ku Avignon, France, ndipo kuyambira mu 2020 limatchedwa World Triathlon. Kuno ku Africa dzina lomwe ambiri amalikumbukira ndi la Henri Schoeman wa ku South Africa, yemwe anatenga mendulo ya nambala 3 ku Rio mu 2016.

Zonsezo ndi za kumtunda. Pansi, m'chigawo ngati chathu chino, ntchito imagwiridwa ndi anthu ongodzipereka: mphunzitsi, namwino, wophunzira wa ku yunivesite, mwini golosale, aliyense akubwera ataweruka ku ntchito yake yeniyeni. Anthu akafuna kuyambitsa bungwe la triathlon la chigawo amathamangira kukambirana za mayunifolomu ndi zikho. Ine ndimawauza kuti ayambe ndi funso la madzi, chifukwa pa masewero atatuwa, m'madzi ndi momwe munthu angathe kutayika pamaso pa aliyense popanda kukuwa.

Zomba ili ndi madzi ambiri koma osambiramo mpikisano ndi ochepa. Damu la Mulunguzi pamwamba pa phiri limakopa maso, koma ndi madzi omwe mzinda wonse umamwa, ali m'manja mwa a Southern Region Water Board, ndi akuya komanso ozizira. Komiti isalembe dzina la damuli pa positala isanakhale ndi kalata ya eni ake m'manja. Nyanja ya Chilwa nayo ili ndi zake. Ndi yosaya, ilibe mtsinje wotulutsa madzi, inaphwa mu 1995 ndipo mbali yake yaikulu inaphwanso mu 2018. Kulinso likodzo, ndipo kolera wakhala akubuka pakati pa asodzi a kumeneko. Likodzo limalowa pakhungu kuchokera ku nkhono za m'madzi odekha, choncho kulowetsa ana a sukulu m'madzi otere ndi kuwapatsa matenda m'dzina la masewero. Za mtsinje wa Shire ku Liwonde tisatayirepo nthawi, ng'ona ndi mvuu zinayamba kale kusambiramo. Chomwe chimatsala ndi maiwe osambiramo a m'masukulu ndi m'malo ogona alendo, kapena kunyamuka ulendo wa ku Mangochi, komwenso muyenera kufunsa a zaumoyo za malo omwe mwasankha.

Dziwe losambiramo lili ndi ubwino woti pansi pamaoneka, koma limafuna anthu ambiri owerenga. M'dziwe la mamita 25, mtunda wa mamita 750 ndi maulendo 30, kuwerenga kupita payekha ndi kubwerera payekha. Wosambira akatopa masamu amamusokonekera, ndiye kumapeto kwa mzere uliwonse kumakhala munthu wa pepala ndi pensulo, kudula kamzere nthawi iliyonse wosambira wake akagunda khoma. Munthu ameneyu asapatsidwe ntchito ina, asagwire foni, ndipo asakhale m'bale wa yemwe akumuwerengera. Mikangano yambiri ya pa mpikisano imabadwira pa kapepala kameneka.

Pa madzi a nyanja nkhani ndi ina. Aliyense amalembedwa nambala pamkono ndi cholembera chosafufutika, amavala kachipewa kowala, ndipo amawerengedwa polowa ndi potuluka. Akalowa anthu 40 pakhale 40 otuluka, ndipo amene wasiyira panjira n'kukwera bwato ayenera kukaonekera kwa wowerenga asanapite kukasintha zovala. Asodzi a mabwato ndi anthu abwino kwambiri pa ntchito yoyang'anira, amawadziwa madzi kuposa tonsefe, koma mukhale nawo pansi dzulo lake. Ayenera kudziwa kuti munthu amene akumira nthawi zambiri sakuwa ndipo sakweza dzanja. Amangoima chilili m'madzi, mutu uli chagada, pakamwa pakulowa ndi kutuluka m'madzi, osasuntha kupita kutsogolo. Ayeneranso kudziwa kuti bwato limayandikira chammbali kuti womirayo agwire, osati kumugunda ndi mphuno ya bwato. Ndipo wina aliyense wolembetsa ayambe wayesedwa kusambira tsiku lina mpikisano usanafike. Mawu akuti "ndinakulira kunyanja" si mayeso.

Ngati madzi odalirika palibe, musakakamize. Pali duathlon, yomwe ndi kuthamanga, kupalasa njinga, n'kuthamanganso, ndipo ili pansi pa bungwe lomwelo la World Triathlon. Bungwe la chigawo lingathe kukhala zaka zake zoyamba likuchititsa duathlon uku likuphunzitsa ana kusambira Loweruka lililonse. Ndi njira yochedwa, koma imabala osambira eni eni, komanso imapulumutsa miyoyo ya ana omwe mwina sadzapikisana nkomwe.

Msewu ndiwo mutu wachiwiri. Msewu wa M3 wochokera ku Blantyre kupita ku Liwonde umadutsa pakati pa tauni, ndipo umakhala ndi maminibasi, malole ndi akabaza tsiku lonse. Kuutseka si nkhani ya komiti ya anthu ongodzipereka. Msewu wokwera ku Ku Chawe, pamwamba pa phiri la Zomba, ndi wokoma kwa amene akufuna kuyesa mphamvu za m'miyendo, koma potsika pali makona akuthwa, ndipo njinga zambiri zomwe anthu athu ali nazo mabuleki ake ndi ongoyerekeza. Ine ndimakonda kanjira kafupi kozungulira kangapo, monga makilomita 5 kanayi, kusiyana ndi mtunda umodzi wautali. Kanjira kafupi kamafuna oyang'anira ochepa, ambulansi imafika paliponse msanga, ndipo oonerera amawaona opikisana kangapo m'malo mongowaona ponyamuka ndi pobwera.

Makalata opita ku khonsolo ya mzinda ndi kwa apolisi apamsewu azipita kukadali milungu ingapo, ndipo wina apite yekha kukaonana nawo atanyamula mapu a njirayo. Ngati njira ikudutsa m'midzi, amfumu amve kuchokera kwa inu, asamve kwa ana. Pa mphambano iliyonse pakhale munthu wovala chowala, wa wezulo ndi kansalu kofiira. Ntchito yake yaikulu si kuloza njira koma kuona mbuzi, mwana wothamangira mpira, ndi amayi osenza mtolo omwe sakudziwa kuti kumbuyo kukubwera njinga zisanu pa liwiro. Onaninso tsiku la msika m'dera lomwe mukudutsa, ndi nthawi yomwe anthu amapita ku tchalitchi kapena ku mzikiti. Mpikisano uziyamba m'mamawa, makamaka mu Okutobala ndi Novembala pomwe dzuwa limafika poswa mtengo nthawi isanakwane 10 koloko.

Malo omwe ndimaweruzira ngati mpikisano wakonzedwa bwino ndi posinthira, pomwe munthu amachoka m'madzi kupita pa njinga, ndi pomwe amasiya njinga kuyamba kuthamanga. Sipafuna zipangizo zodula. Nsungwi zomangidwa bwino pa mitengo ya mphanda zimakwana kukolekapo njinga, chingwe chimazungulira malowo, khomo lolowera limodzi, lotulukira limodzi. Munthu amafika akudontha madzi, mutu ukuzungulira chifukwa wangodzuka kuchoka chogona m'madzi, manja akunjenjemera. Lamulo ndi lakuti avale helemeti ndi kumanga lamba wake asanachotse njinga pamalo pake, ndipo asakwere njingayo mpaka atadutsa mzere wojambulidwa kunja kwa khomo. Pobwera atsike asanafike pa mzerewo, ndipo helemeti avule njinga itakolekedwa. Woyang'anira pamenepa akhale munthu wa mawu amphamvu koma wosakalipa, woti anganene kuti "Achimwene, lamba kaye!" munthu n'kumvera osakhumudwa. Achibale ndi anzawo asalowe m'chingwemo. Mpikisano ukatha, njinga imatuluka pokhapokha nambala ya pa njinga ikafanana ndi ya pamkono wa woitenga, apo ayi tsiku labwino limathera ku polisi.

Tsono anthu onsewa, owerenga, a pa mphambano, a posinthira, opereka madzi, muwatenga kuti? Pano ndi pomwe mabungwe ambiri amafooka, ndipo chifukwa chake tonse tikuchidziwa. Tinazolowera kuti msonkhano uliwonse umatha ndi kusaina pepala la alawansi. Mukaitana achinyamata kuti adzathandize, funso limabwera mwaulemu ndithu: "Nanga za sopo zilipo, bwana?" Funsoli si lamwano. Munthu wachoka ku Chinamwali kapena ku Songani m'bandakucha, walipira kabaza, waima padzuwa mpaka masana. Chomwe chimapha bungwe ndi kuyankha mozungulira, kumusiya munthu akuyembekezera zomwe kulibe. Nenani poyera kuyambira tsiku loyamba kuti malipiro palibe, koma thiransipoti ibwezedwa, chakudya chilipo, ndipo amene wagwira ntchito alandira kalata yochitira umboni. Kwa wophunzira wa ku University of Malawi kapena wa ku koleji ya aphunzitsi ya Domasi amene adzafunefune ntchito mawa, kalata yosainidwa bwino ili ndi phindu. Zomwe mwalonjezazo zichitike tsiku lomwelo, anthu asanabalalike. Ndipo a komiti asadye mosiyana ndi anzawo. Wapampando akalandira mbale ya nkhuku pomwe wa pa mphambano wapatsidwa banzi, chaka chamawa pa mphambanopo padzakhala popanda munthu.

Ndalama za bungwe laling'ono zimakhala zochepa, koma zimatha kuswa ubale wa zaka zambiri. Malamulo oyendetsera bungwe alembedwe, ngakhale atakhala masamba atatu okha: maudindo ndi ati, amasankhidwa liti, munthu akhala pampando zaka zingati, ndani amasaina pa ndalama. Osaina akhale awiri, ndipo asakhale a banja limodzi. Ndalama zolembetsera zikamabwera pa Airtel Money kapena pa Mpamba, zisalowe pa nambala yomwe msungichuma amagulirapo magetsi a kunyumba kwake. Sikuti anthu ndi akuba ayi, koma ndalama zikasakanikirana ngakhale munthu wokhulupirika amalephera kufotokoza. Lisiti lililonse limatidwe m'buku, ndipo pa msonkhano waukulu wa pachaka msungichuma awerenge zolowa ndi zotuluka pamaso pa onse. Kampani yomwe mukufuna kuti ikuthandizeni idzafunsa buku limeneli isanafunse za akatswiri anu. Bungwe la chigawo likhalenso pa mzere umodzi ndi dongosolo la masewero m'dziko muno, lomwe limayang'aniridwa ndi Malawi National Council of Sports, kuti zotsatira za opikisana anu zizindikirike kunja kwa Zomba.

Pali vuto lina lomwe limabisala kumbuyo kwa munthu wakhama. Pafupifupi bungwe lililonse lotere limakhala ndi munthu mmodzi amene amadziwa zonse: nambala ya wapolisi wothandiza, komwe kumabwerekedwa zingwe, mwini dziwe, kiyi wa kosungira katundu. Tsiku lomwe adzasamutsidwe pa ntchito kupita ku Mzuzu, bungwe limapita naye. Mankhwala ake ndi osavuta koma anthu amachita nawo ulesi. Udindo uliwonse ukhale ndi wachiwiri amene amagwiradi ntchito, ndipo zonse zilembedwe m'fayilo imodzi yomwe mlembi amasunga, osati m'magulu a WhatsApp momwe uthenga wofunika umakwiririka ndi moni wa m'mawa.

Za opikisana sindidandaula nazo kwambiri, chifukwa alipo. Mnyamata wa kabaza amene amakweza munthu ndi thumba la chimanga pa zitunda za Zomba ali ndi miyendo yomwe ena amailipirira ku jimu. Chomwe alibe ndi njinga yopepuka, ndiye khazikitsani gulu la njinga wamba kuti asapikisane ndi wa njinga ya mpikisano. Mpikisano wopatsirana umathandizanso: mmodzi asambire, wina apalase, wina athamange, onse timu imodzi. Motero wosadziwa kusambira amalowa nawo, ndipo ambiri amayamba kufuna kuphunzira akaona mnzawo akutuluka m'madzi anthu akuwomba m'manja. Ana apatsidwe mitunda yaifupi, abwere ndi kalata ya makolo, ndipo pomwe pali atsikana pakhale amayi oyang'anira ndi malo obisika osinthira zovala. Makolo ambiri amakaniza ana aakazi kusambira chifukwa cha zovala ndi maso a anthu, osati chifukwa cha madzi, ndiye lolani kabudula wofika m'maondo ndi malaya othina osambira nawo.

Mpikisano ukatha, zotsatira zituluke tsiku lomwelo, zolembedwa bwino, maina osalakwika. Pasanathe sabata komiti ikumane, namwino anene anthu omwe anawathandiza ndi chomwe chinawavuta, a pa mphambano anene pomwe panali poopsa, msungichuma abwere ndi malisiti. Makalata othokoza apite kwa apolisi, kwa amfumu ndi kwa mwini dziwe. Pa msonkhano womwewo sankhani tsiku la chaka chamawa, mutayang'ana kalendala ya mayeso a MSCE ndi ya ku yunivesite, kupewa miyezi ya mvula kuyambira Disembala mpaka Malichi, komanso kukumbukira kuti mu Juni ndi Julayi madzi a m'maiwe a Zomba amazizira moti ana sakhalitsamo.