Sepitiki tanki isanasefukire: zoyenera kudziwa eni nyumba ndi alendi mu Blantyre

Chimbudzi chogejemula chikayamba kuchedwa kumeza madzi, ambirife timangothira ndowa ina n'kuchokapo. Musatero. Zonyansa zikabwerera pabwalo zimabwera ndi kolera, tayifodi ndi njoka zam'mimba, ndipo oyamba kuzigwira ndi ana osewera pansi. Simunaiwale kuti mu Januwale 2023 sukulu za mumzinda muno zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha kolera, mliri umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno.

Yambani mwafufuza pamene patseka. Ngati chikuvuta ndi chimbudzi chimodzi chokha, vuto lili m'paipi yake. Koma ngati bafa, sinki ndi chimbudzi zonse zikuchedwa, kapena mukagejemula madzi akutumphukira m'bafa, vuto lili panja. Vundukulani mamanihole (maenje ovundikira oonera mapaipi) limodzilimodzi kulowera ku tanki. Lina likakhala lodzaza koma lotsatira lili louma, patseka pakati pa awiriwo, ndipo pulambala akhoza kutsegula ndi ndodo zake. Kawirikawiri amatulutsamo matewera, mapadi, zisononkho, mafuta oundana akukhitchini, ngakhalenso mizu ya mango kapena bulugama imene yalowera polumikizira mapaipi. Paipi yosweka isinthidwe ndithu, kumata simenti pamwamba sikuchedwa kugamuka.

Mamanihole onse akadzaza, ndiye kuti tanki yakhuta kapena sokawe (dzenje lolowetsa m'nthaka madzi ochokera m'tanki) yasiya kumwa madzi. Mudzaona chinyontho chosauma, fungo, ndi udzu wobiriwira pamalopo ngakhale mu Okutobala. Matanki ambiri amafuna kupopedwa pakatha zaka 3 mpaka 5, ndipo pa poloti ya alendi ambiri nthawiyo siikwana n'komwe. Popetsani mvula isanayambe, chifukwa nthaka ikakhuta madzi sokawe siimwanso.

Tanki musalowemo, ndipo musatume mnyamata waganyu kuti alowemo ndi ndowa. Mpweya wa m'menemo umakomola munthu mwadzidzidzi, ndipo wotsikira kukapulumutsa mnzake nayenso amatsalira momwemo. Fodya ndi moto zikhale kutali, mpweyawo umayaka. Itanani agalimoto yopopa, muwafunse kumene akakhuthule. Malo ake ndi a khonsolo ya mzinda osungunulirako zonyansa, osati mumtsinje. Khalidwe lotsegulira tanki m'ngalande mvula ikamagwa usiku ndi loipa kwambiri: zonsezo zimathera mu Mudi, Naperi kapena Nasolo, kumene anzathu amachapa ndi kuthirira ndiwo zamasamba.

Ngati zasefukira kale, tchingani malowo, valani magolovesi ndi magambuti, thirani kolorini, kenako sambani m'manja ndi sopo. Chitsime chizitalikirana ndi sokawe mamita osachepera 30, ndipo madzi ake muziwiritsa kapena kuthira kolorini. Wina pakhomopo akayamba kutsegula m'mimba zamadzimadzi, mumwetseni Thanzi ORS muli pa ulendo wopita kuchipatala, osadikira kuti kuche.